Kusunga ndi kubwezeretsa System State pa domain controller

Mwafunsa chochita ngati wina wafufuta mwangozi OU (Organizational Unit, gulu la maakaunti) yonse ya antchito mu Active Directory, kaundula wa Windows wa maakaunti ndi makompyuta a pa netiweki. Njira imene ndifotokoze pano ikudalira kuti munasunga kale System State, yomwe ndi mafayilo ofunika a seva kuphatikizapo Active Directory, pa domain controller (seva yosunga Active Directory).

Posunga, ikani Windows Server Backup, lumikizani disiki yapadera, kenako lembani `wbadmin start systemstatebackup -backupTarget:E:` (E: ndi chilembo cha disiki yapaderayo). Ine ndimalangiza kuchita zimenezi tsiku lililonse. Bakapu yakale kupitirira tombstone lifetime (nthawi imene Active Directory imakumbukira zinthu zofufutidwa), yomwe nthawi zambiri imakhala masiku 180, musaigwiritsenso ntchito.

Pobwezeretsa, lembani `bcdedit /set safeboot dsrepair`, muzimitse seva n'kuiyatsanso kuti iyake mu DSRM (Directory Services Restore Mode), njira yapadera yokonzera Active Directory. Lowani ndi pasiwedi ya DSRM, osati ya domain. Ambiri amakakamira pomwepa chifukwa anaiiwala kalekale, choncho isungeni pabwino. Lamulo la `wbadmin get versions` likuonetsani mabakapu onse. Sankhani ya tsiku limene vutolo linali lisanachitike, mulembe `wbadmin start systemstaterecovery -version:` n'kuwonjezera tsiku ndi nthawi yake.

Musatuluke mu DSRM msanga! Mukatero, ma domain controller enawo adzaifufutanso OU ija. Tsegulani `ntdsutil`, lembani `activate instance ntds`, kenako `authoritative restore`, ndiyeno `restore subtree` pamodzi ndi dzina lonse la OU (distinguished name, loyamba ndi OU= n'kuthera ndi zigawo za DC=). Mukamaliza, lembani `bcdedit /deletevalue safeboot` n'kuyatsanso seva.