Kusandutsa Galimoto Yakale ya 4x4 Kukhala Yogonamo Paulendo m'Chigawo cha Tete

Aliyense amene anatsikapo kuchokera ku Ulongwe kupita mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala amadziwa kuti ulendowo uli ngati kudutsa mayiko awiri tsiku limodzi. Mumanyamuka kukadali kozizira bwino pamtunda wa Angónia, umene uli pamamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, koma mukadutsa pa Mussacama n'kuyamba kulowera ku Moatize, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera mu uvuni, ndipo m'mbali mwa Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wofuna kukonza galimoto yakale kuti azigonamo ndi kuphikiramo paulendo ayenera kuyambira pamenepa, chifukwa galimoto yokonzedwa potengera zithunzi za ku Ulaya imakhala yokongola m'maso, koma siyipirira dzuwa, fumbi ndi mabampu a kwathu kuno. Ine ndinakonza yanga pang'onopang'ono, ndipo chachikulu chimene ndinaphunzira n'chakuti ndalama zoyamba ziyenera kupita ku injini ndi kunsi kwa galimoto, bedi ndi makabati zibwere pambuyo.

Magalimoto a mtundu umenewu amene amapezeka kawirikawiri ndi Toyota HiAce yokoka matayala onse anayi ndi Mitsubishi Delica, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku Japan atagwira kale ntchito. Ubwino wa HiAce ndi wakuti machapa ambiri (maminibasi onyamula anthu) oyenda pakati pa Tete, Zóbuè ndi Ulongwe ndi a mtundu womwewo, choncho makaniko aliyense wa m'mbali mwa msewu amaidziwa injini yake ndipo zipangizo zake sizisowa. Komabe muzikumbukira kuti zitsulo zoyendetsa matayala akutsogolo za 4x4 n'zosiyana ndi za chapa wamba, ndipo zimenezo zikawonongeka mungadikire milungu. Delica ndi yopapatiza mkati, koma zakunsi kwake n'zapachibale ndi za Pajero, ndipo ili ndi giya yamphamvu yokwerera zitunda ndi kudutsa mumchenga, imene ma HiAce ena alibe. Ngati maulendo anu ndi a pa tala mpaka ku Songo ndi misewu yafumbi yosavuta, HiAce ndi yokwanira. Ngati mtima wanu uli ku Fingoè ndi Zumbo, funsani kaye za giya imeneyi musanakambe za mtengo. Galimoto imene inagwirapo ntchito ya chapa ndikukulangizani kuti muisiye ngakhale itatchipa bwanji, pakuti inanyamula kale katundu woposa msinkhu wake kwa zaka zambiri.

Pogula, pitani ndi tochi ndi sikuludiraiva, muyale katoni pansi, mugone chagada kunsi kwa galimoto. Gogodani chasisi, makamaka pamene pamangiriridwa masipuling'i, ndipo mumve ngati chitsulo chikulira bwino kapena chikufumbutuka. Tukulani kapeti wamkati, muyang'ane pansi pa zitseko ndi m'mphepete mwa mawindo, chifukwa dzimbiri limakonda kubisala pansi pa labala. Dzimbiri lapamwamba limachotsedwa ndi sandipepa ndi penti yoteteza, koma chasisi chobowoka ndi chifukwa chokwanira chobwezera makiyi kwa mwini wake.

Mukaigula, ntchito yoyamba ndi yoziziritsa injini, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono. M'magalimoto ambiri a mtunduwu injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, pamene mphepo simafika mokwanira, ndipo mukawonjezera kulemera kwa matabwa, madzi ndi mabatire, imagwira ntchito yowirikiza pa chitunda chilichonse. Injini za dizilo monga 1KZ-TE ya Toyota ndi 4D56 ya Mitsubishi n'zolimba, koma zimadziwika kuti zikatentha mopitirira muyeso, hedi imang'aluka, ndipo kukonza kwake kungadye ndalama zonse zimene munasungira ntchito yamkati. Chotsani rediyeta ikatsukidwe kapena mugule yatsopano, sinthani thermostat, mapaipi a labala, pampu ya madzi ndi chivindikiro cha rediyeta, ndipo makaniko ayese ngati fani ikugwira mwamphamvu injini ikatentha. Musalole kuti wina achotseretu thermostat ponena kuti kuno n'kotentha kale, ndipo muziika coolant weniweni, madzi apadera oziziritsa injini, m'malo mwa madzi a pachitsime, amene amasiya zokanirira m'timapaipi ta rediyeta. Lamba wa taimingi amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo popeza simungadziwe bwino mbiri ya galimoto yakale, musintheni nthawi yomweyo. Injini ya 4D56 ili ndi lamba wachiwiri wamng'ono pafupi ndi wamkuluyo, amene akaduka angalowe mu wamkulu n'kuwononga zonse, choncho asinthidwe pamodzi; injini ya 4M40, ya Delica zimene zinabwera pambuyo pake, imayendera tcheni m'malo mwa lamba.

Ine zinandionekera pa chitunda chokwerera ku Songo, masana dzuwa lili paliwombo. Muvi wa kutentha unayamba kukwera pang'onopang'ono ngakhale kuti rediyeta inali yotsukidwa mkati, ndipo nditaima pamthunzi wa mlambe n'kudikira kuti injini izizire, ndinasuzumira pakati pa rediyeta ndi kondensa ya mpweya wozizira. Pampata wosakwana zala ziwiri panali patadzaza njere za udzu, mapiko a tizilombo ndi matope ouma, zonse zitaumbana ngati bulangete. Kuyambira tsiku limenelo ndimatsuka mpata umenewo ulendo uliwonse usanayambe, ndipo ndinaikitsa geji ina yosonyeza kutentha m'manambala, chifukwa muvi wa pa dashibodi umachedwa kuchenjeza.

Mabuleki, mashokabu, mabushi ndi mafuta a giyabokosi ndi madifu zionedwenso, ndipo matayala akhale olimba m'mbali, oyenera galimoto yonyamula katundu, kuphatikizapo la sipeya.

Musanamasule mpando ngakhale umodzi, tengani livrete yanu, chikalata cha galimotoyo, muwerenge chiwerengero cha anthu ndi kulemera kumene galimotoyo inalembetsedwa. Kuchotsa mipando n'kuikamo bedi ndi kusintha maonekedwe a galimoto, choncho pitani ku ofesi ya INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, mukafotokoze zimene mukufuna kuchita, akuuzeni njira yoyenera kutsata kuti mapepala agwirizane ndi galimoto pa nthawi ya inspecção (kuyesedwa kwa galimoto) ndi pamalo ofufuzira apolisi. A inshuwalansi nawonso adziwitsidwe. Ndi bwino kuchita zimenezi matabwa asanadulidwe, kusiyana ndi kudzauzidwa kuti muphwasule zomwe mwamanga kale.

Tsopano tibwere mkati. Chiyeso chachikulu kwa ife ndi matabwa a mlombwa, chifukwa akalipentala athu amawakonda ndipo amaoneka bwino akapakidwa vanishi, koma ndi olemera kwambiri moti kabati imodzi ingafanane ndi munthu wamkulu wokhala m'galimoto usana ndi usiku. Gwiritsani ntchito pulayiwudi wa mamilimita 12 pa bedi ndi pansi, wa mamilimita 6 kapena ocheperapo m'makoma, ndi timitengo ta paini pa mafelemu. Lembani papepala kulemera kwa chilichonse: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, batire la 100 Ah (muyeso wa moto umene limasunga) la mtundu wa AGM, losafuna kuthiridwa madzi, limafika makilogalamu pafupifupi 30, ndipo anthu okwera nawonso awerengedwe. Zolemera zonse zikhale pansi ndiponso pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, chifukwa magalimoto amenewa ndi aatali m'mwamba koma opapatiza, ndipo katundu wolemera padenga amawapendeketsa pa makhona ndi pamalo otsetsereka m'mbali. Padenga pakhale sola ndi zinthu zopepuka basi.

Musanagule thabwa lililonse, tengani makatoni ndi tepi muyerekeze bedi ndi makabati m'galimotomo, kenako mugonemo usiku umodzi pakhomo panu. Mudzadabwa kuona zinthu zimene pepala silinakuuzeni. Bedi la munthu wamkulu limafuna masentimita pafupifupi 190 m'litali, ndipo msinkhu wake uyesedwe muli chikhalire pamatiresi, kuti mutu usagunde denga. Mukalikweza kwambiri pofuna malo osungira katundu kunsi, mudzakhala mukudya chakudya mutawerama. Matiresi a siponji yolimba a masentimita 10 aduleni m'zigawo ziwiri kapena zitatu kuti masana akhale mpando, ndipo thabwa la pansi pake mulibowole mabowo angapo kuti thukuta la usiku lisabweretse nkhungu. Onetsetsani kuti palibe chimene chikutsekereza chivindikiro cha injini, pakuti tsiku lovuta mudzafuna kuchitsegula mofulumira.

Chilichonse chimangidwe ndi mabawuti, ndipo malo abwino koposa ndi mabowo amene munali mipando, chifukwa pamenepo chitsulo n'cholimbitsidwa kale. Mukafuna kubowola pena, yang'anani kaye kunsi, poti pamenepo pamadutsa mapaipi a mabuleki, mawaya ndi thanki ya mafuta. Misomali ndi guluu paokha sizikhalitsa pa msewu wa mabampu, ndipo kabati yosamangidwa bwino imasanduka chida choopsa mukagwira mabuleki mwadzidzidzi. Zitseko za makabati zikhale ndi zotsekera zogwira, osati maginito okha.

Za kutentha kwa mkati, yambani ndi denga, chifukwa ndi limene limalandira dzuwa lonse. Ngati ndi lakuda kapena lobiriwira, lipakeni penti yoyera, ndipo kunsi kwake mumate siponji yosamwa madzi musanatseke ndi pulayiwudi. Thonje, masaka kapena siponji ya matiresi musaike m'makoma, chifukwa zimasunga chinyezi ndipo dzimbiri limayambira mkati mosaoneka. Chotchinga chimenechi chidzakuthandizaninso m'mwezi wa Juni ku Tsangano ndi ku Angónia, kumene usiku kumazizira mpaka mpweya wotuluka m'kamwa kuoneka. Komabe kunena zoona, m'chigwa cha Zambezi chimene chimagonetsa munthu tulo ndi mphepo yoyenda: fani ya padenga yotulutsa mpweya wotentha, ndi mawindo awiri otseguka moyang'anizana. Windo lililonse lotseguka likhale ndi sefa wa udzudzu womata bwino m'mbali monse, ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala ikhalepo ndithu, chifukwa malungo ndi ambiri m'chigawo chathu. Labala wa chitseko chakumbuyo akhale watsopano, apo ayi fumbi lofiira lidzalowa mpaka m'mbale ndi m'zofunda.

Magetsi a mkati mogonamo asachokere ku batire loyatsira injini. Ikani batire lachiwiri, lolumikizidwa kudzera pa relay kapena chaja ya DC-DC, kuti lizidzaza injini ikamayenda koma lisamakoke moto wa loyambalo mukaima. Batire la AGM siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, kutanthauza kuti pa 100 Ah muli ndi pafupifupi 50 Ah zogwiritsa ntchito, ndipo firiji yaing'ono ya kompuresa ingadye zambiri mwa zimenezo pa tsiku lotentha. Sola ya mawati 150 mpaka 200 yokhala ndi regulator yake imakwanira firiji, fani, mababu a LED ndi kutchaja mafoni. Chimene sindilola kunyengerera ndi fyuzi: waya aliyense wochoka pa batire akhale ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batirelo, akhale wonenepa mokwanira, ndipo podutsa pachitsulo avekedwe labala. Moto wa m'galimoto nthawi zambiri umayambira pa waya amene wakhala akukhuzika pachitsulo mwakachetechete.

Madzi ndi bwino kuwasunga m'zigubu ziwiri kapena zitatu za malita 20 zomangidwa ndi malamba, m'malo mwa thanki imodzi yaikulu, chifukwa chigubu mungachinyamule kupita nacho pamjigo, ndipo chimodzi chikabowoka zina zimatsala. Kuphika kuchitikire panja, pa kabati yokoka yotulukira kuchitseko chakumbuyo kapena cham'mbali. Silinda ya gasi iime chilili m'bokosi lakelake lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja, popeza gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akatayika amatsikira pansi. Mbaula ya makala isalowe m'galimoto ngakhale kuzizire chotani, chifukwa mpweya wake wakupha ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo. Chozimitsira moto chikhale pamalo ofikirika ndi dzanja muli panja.

Siyaninso malo a fosholo, chingwe chokokera, pampu ya matayala, jeke ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo pamchenga, komanso chigubu cha dizilo ndi fyuluta yapadera, chifukwa mukapatuka pa misewu ikuluikulu monga N7 ndi N9, malo omwetsera mafuta amatalikirana.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, wa usiku umodzi kapena awiri, galimoto itadzazidwa monga mmene idzakhalire pa ulendo weniweni. Sankhani njira yokhala ndi chitunda ndi msewu wafumbi, muzimitse wailesi, mumvetsere chilichonse chogogoda kapena cholira, ndipo maso asachoke pa geji ya kutentha. Mukafika pamudzi pamene mukufuna kugona, kaonekereni kaye kwa amfumu mupemphe malo, ndipo ngati muli m'mbali mwa Zambezi kapena nyanja ya Cahora Bassa, imikani galimoto patali ndi madzi ndi njira za mvuu, ndipo musatunge madzi pagombe madzulo chifukwa cha ng'ona. Pobwerera kunyumba, tengani sipanala mupitenso pa bawuti iliyonse ya bedi, makabati, batire ndi sola, mukhudze mawaya ngati pali pamene akhuzika, ndipo mulembe zinthu zimene munanyamula koma simunazigwiritse ntchito, kuti ulendo wotsatira zidzatsale pakhomo.