Kukutira mabawuti a injini ndi zinki, mmene ndimachitira pa Dedza pano

Peugeot 404 ya malemu bambo inakhala pansi pa mkungudza zaka zambiri. Amene amadziwa nkhungu ya pa Dedza mu Juni ndi Julayi akudziwa zimene chinyezi chimachita ndi chitsulo. Nditatsitsa injini, mabawuti a oteneta, mabulaketi a kabuleta ndi timawashala tonse tinali tofiira ngati dothi la katondo. Ndikanatha kugula atsopano ku Lilongwe, koma ambiri a masiku ano mitu yake ndi yosiyana, ndipo akale aja chitsulo chake n'chabwino. Ndiye ndinaganiza zowakutira ndi zinki pogwiritsa ntchito magetsi a batire.

Zinki imaposa penti pa chifukwa chimodzi: bawuti ikakalika ndi sipanala, dzimbiri limayamba kudya zinkiyo, chitsulo n'kupulumuka.

Zinki yanga ndimaipeza m'mabatire akuluakulu a tochi otha moto, otchipa aja, chifukwa chikopa chake n'cha zinki. Ndimang'amba, kuchotsa phala lakuda lam'kati nditavala magolovesi, n'kutsuka mpaka kuyera. Olembedwa kuti alkaline musawakhudze. Chikopa chake n'chachitsulo ndipo mankhwala ake amawotcha khungu.

Madzi ake: lita imodzi ya viniga woyera, masupuni akuluakulu asanu a Epsom salt wa ku famase kuti magetsi aziyenda bwino, ndi shuga wochuluka chimodzimodzi. Shugayo amathandiza kuti zinki ikhale yosalala (mayi a kunyumba mpaka lero sakhulupirira, amati ndimamwera tiyi kugalaja). Thirani m'chigubu chapulasitiki chodula pakamwa, ponyanimo tizidutswa ta zinki, musiye masiku awiri kuti ina isungunuke. Kunja kukazizira zimachedwa, choncho ine chigubu ndimachiika padzuwa.

Tsono ntchito yeniyeni ndi kutsuka, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa ulesi. Yambani ndi palafini kuchotsa girisi, kenako madzi otentha a sopo waufa. Dzimbiri lichotseni poviika bawuti usiku wonse mu viniga wina wapadera, m'mawa n'kupala ndi bulashi ya waya mpaka m'mazinga momwe. Mukatero muyese: thirani madzi pabawutipo. Akayala bwinobwino ponseponse, yayera. Akapanga timadontho ngati mame pa tsamba la koko, mafuta akadalipo, bwerezani. Ikayera musaigwirenso ndi manja. Chala changa chinadindika pa bulaketi ina, ndipo mpaka lero chikuoneka, malo amenewo zinki inakana. Musaisiyenso kuti iume, chitsulo choyera chimachita dzimbiri mukuona. Ichoke m'madzi otsukuluza n'kulowa m'chigubu.

Kulumikiza n'kosavuta koma osasokoneza. Zinki ipite ku pulasi ya batire, bawuti ku mainasi, yolendewera pa waya wa kopa. Ziwirizi zisagundane. Ikani zinki mbali ziwiri za chigubu, chifukwa imakonda kumata mbali imene yayang'anizana nayo, ndipo muzitembenuza bawutiyo.

Moto ukhale wochepa. Tsiku loyamba ndinalumikiza batire ya galimoto ya mavoti 12, poganiza kuti zifulumira. Madzi anawira ngati thobwa losasa, bawuti n'kutuluka yakuda bii, zinki yake ikuyoyoka ngati mwaye. Batire imodzi ya tochi ya mavoti 1.5 imakwana pa mabawuti awiri kapena atatu. Mukufuna timathovu ting'onoting'ono tokwera pang'onopang'ono. Timathovuto ndi mpweya wa hydrogen umene umayaka, ndiye gwirirani pakhonde, ndipo wosuta fodya akhale patali.

Pakatha mphindi 10 kapena 15 tulutsani. Imaoneka yotuwa ngati phulusa, musakhumudwe. Ipukuteni ndi kabulashi kofewa iyamba kuwala, tsukuluzani, bwezeranimo. Ine ndimachita katatu. Mukapitirira pamenepo zinki imadzaza mazinga, nati n'kumakana kulowa. Pomaliza tsukani ndi madzi a mvula, umitsani padzuwa, pakani kamafuta pang'ono. Mtundu wachikasu wonyezimira umene umaoneka pa mabawuti a kufakitale umachokera ku mankhwala a chromate, amene ndi poizoni woyambitsa khansa. Ine ndinasankha kukhala ndi otuwa anga.

Si bawuti iliyonse yolowa m'chigubumu. Yang'anani nambala pamutu pake. Yolembedwa 10.9 kapena 12.9 ndi chitsulo cholimba kwambiri, ndipo hydrogen uja akalowa m'kati mwake imadzathyoka mwadzidzidzi itamangidwa kale. Kumafakitale amaziwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200 kwa maola angapo kuti mpweyawo utuluke, zimene pambaula simungakwanitse. Choncho mabawuti a silinda hedi, a makonirodi, a fulaiwilo, a mabuleki ndi a chiwongolero, pamodzi ndi masipuling'i, ndimangotsuka kapena kugula atsopano. Kuthyokeredwa bawuti ya chiwongolero potsetsereka pa M1 kulowera ku Ntcheu si nkhani yoseka. A pa ekizozi nawonso musavutike nawo, kutentha kwake zinki siipirira.

Madzi a zinki aja musataye mukamaliza. Ndimawasefa ndi kansalu, kutsekera m'chigubu cholembedwa bwino, n'kuika pamwamba pomwe ana safikira. Akadzatheratu mphamvu asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena kudimba la mbatata. Anga ndagwiritsa ntchito miyezi inayi tsopano, ndipo sabata ino akulowamo ndi mabulaketi a rediyeta.