Momwe mungapukusire magetsi pa kamtsinje ka m'mudzi mwanu

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, magetsi n'kumazimazima kwa nthawi yoposa chaka. Komatu timitsinje totsika m'mapiri a Mulanje, Zomba, Viphya ndi Nyika timayenda usana ndi usiku pafupi ndi midzi imene nthambo za ESCOM sizinafikeko. Ku Karonga kuli siteshoni ya Wovwe ya mamegawati 4.5, ndipo kwa Bondo ku Mulanje bungwe la MEGA limapukusa magetsi pa mtsinje wa Lichenya n'kumapereka m'nyumba, m'sukulu ndi kuchipatala. Zimene ndikufotokoza pano ndi zazing'ono kuposa zimenezo, za kilowati imodzi (mawati 1,000) kapena zingapo, monga zomwe tinamanga m'mudzi wina wa m'mphepete mwa phiri.

Yambani ndi kuyeza madzi, ndipo musagule kanthu kalikonse musanatero. Kuyezaku kuchitike mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala mvula isanagwe, pamene mtsinje waphwa kufika pomaliza, pakuti madzi a mu Febuluwale amanamiza. Tsekani kamtsinjeko ndi matumba a mchenga kuti madzi onse adutse m'paipi imodzi yaifupi, tcherani chidebe cha malita 20, ndipo muwerenge masekondi amene chikudzadzira. Chikadzadza m'masekondi awiri ndiye kuti muli ndi malita 10 pa sekondi. Mufunsenso agogo a m'deralo ngati mtsinjewo unaumapo m'zaka za chilala monga 1992 ndi 2016, ndiponso mudziwe ngati kumtunda kuli a madimba amene amapatutsa madzi m'chilimwe, chifukwa iwo anayamba kugwiritsa ntchito madziwo inu musanabwere.

Chachiwiri ndi kutsika kwa malo, kuchokera potengera madzi kufika pomwe padzakhale makina, kutanthauza gudumu lozunguzidwa ndi madzi a m'paipi limene limayendetsa jenereta. Paipi yoonekera mkati imene amisiri omanga nyumba amayezera levulo ndi yokwanira, mukamayeza pang'onopang'ono kutsika phiri n'kumaphatikiza mamita. Kenaka chulukitsani mamitawo ndi malita a pa sekondi, zotsatira zake muchulukitsenso ndi 5, ndipo mupeza mawati amene mungayembekezere mutachotsa kale mphamvu yotayika m'paipi ndi m'makina. Mamita 20 ndi malita 10 pa sekondi zikupatsani mawati pafupifupi 1,000. Mphamvu imeneyi ikhoza kuyatsa mababu a LED m'nyumba zambiri, kutchaja mafoni ndi kuyendetsa filiji ya pachipatala, koma singayendetse chigayo, ndipo ndi bwino anthu auzidwe zimenezi pamsonkhano woyamba pamaso pa amfumu, asanasonkhe ndalama ali ndi chigayo m'maganizo.

Za malo ndi zilolezo musazisiye kumapeto. Eni minda imene paipi idzadutsemo avomereze molemba, chilolezo chogwiritsa ntchito madzi chimachokera ku National Water Resources Authority, ndipo ngati mudzagawira magetsi anthu ena n'kumawalipiritsa, a MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu zamagetsi ndi mafuta, ayenera kudziwa. Maofesiwa ali kutali ndi midzi ya m'mapiri ndipo mapepala amatenga miyezi, chimene ndimachiona ngati chimodzi mwa zopinga zenizeni za ntchito zazing'ono zotere.

Potengera madzi ndi pamene ntchito yonse imalimbira kapena kugwera. Ife tinamanga kakhoma ka miyala ndi simenti kopingasa mtsinje, paipi n'kuyambira pomwepo, ndipo m'chilimwe chonse zinthu zinayenda bwino. Mvula yamphamvu itagwa kumtunda, komwe anthu anali atadula mitengo n'kulima mpaka m'mbali mwa madzi, mtsinje unatsika wofiira, ndipo pofika m'mawa kuseri kwa kakhoma kuja kunali mchenga wokhawokha woti munthu n'kuimapo osanyowa mapazi. Mchenga wina unali utalowa kale m'paipi. Titatsegula makina tinapeza timakapu ta gudumu titanyenyeka m'mphepete ngati khasu lakale, kamwa yotulukira madzi itakula, ndipo mphamvu inali itatsika moti mababu ankangofiira. Kuchotsa mchenga womwe unagwirana pamalo pamene paipi inagona mopanda kutsetsereka kunafuna kuti tiidule ndi kulumikizanso.

Pomanganso tinasintha zinthu zingapo zimene ndikukupemphani kuti muzichite kuyambira pachiyambi. Madzi muwatengere chammbali mwa mtsinje, pamalo a thanthwe, makamaka kunja kwa pokhota, chifukwa mchenga umaunjikana mkati mwa pokhotapo. Kakhoma kakhale kakafupi kuti madzi osefukira azidutsa pamwamba pake, ndipo kakhale ndi chitseko cha pansi chotsegula pokokolola mchenga. Kuchokera apo madzi ayende mu ngalande kupita m'thanki lalitali ndi lotakata, momwe ayenera kuyenda mwaulesi kuti mchenga ukhale pansi. Pansi pa thankilo patsetserekere kupaipi yotayira matope, ndipo paipi yopita kumakina iyambire pamwamba ndithu pa matopewo koma yomira bwino m'madzi kuti isamakoke mpweya. Ikani sefa ziwiri, yazitsulo zotalikirana yotchinga zinyalala ndi nthambi, ndi ina yamabowo ang'onoang'ono kuposa kamwa ya makina. M'dzinja pafunika munthu wopita kukachotsa masamba m'mawa ndi madzulo, ndipo mtsinje ukafiira kwambiri ndi bwino kutseka madzi n'kugona mumdima usiku umodzi kusiyana ndi kutaya gudumu. Ngakhale mutamanga bwino chotani, ngati mitengo ya kumtunda ikupitirira kudulidwa mchenga udzakugonjetsani, choncho kuteteza nkhalango ya kumene mtsinje ukuchokera kukhale m'malamulo a komiti kuyambira tsiku loyamba.

Paipi yotsika phiri nthawi zambiri ndi imene imadya ndalama zochuluka kuposa china chilichonse. Mamita 10 alionse otsika amawonjezera bar imodzi ya mphamvu ya madzi, kotero paipi ya PVC ya class 6, yopangidwira mabar 6, imapirira mpaka mamita pafupifupi 60, ndipo mungapulumutse ndalama poika yopepuka kumtunda ndi yokhuthala kumunsi kokha. Chenjerani ndi ogulitsa ena amene amapereka paipi ya zimbudzi, kapena yopyapyala yodindidwa nambala yabodza. Pemphani kuti akudulireni kachidutswa muone kukhuthala kwake, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa muchokepo. Mitengo imene akupatsani lero musaidalire mwezi wamawa, pakuti chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja sakhazikika mtengo. Musachepetse kukula kwa paipi pofuna kusunga ndalama, chifukwa paipi yopapatiza imadya mphamvu imene munaiyeza ija. Ikwirireni pansi kuopa dzuwa ndi moto wolusa, mangani simenti pokhota paliponse, ndipo valve yakumunsi muzitseka pang'onopang'ono nthawi zonse, popeza kutseka mwadzidzidzi kumaphulitsa paipi.

Pamalo otsika kwambiri okhala ndi madzi ochepa gudumu la mtundu wa Pelton ndi loyenera, pomwe madzi ambiri otsika pang'ono amafuna la crossflow, lomwe mmisiri wodziwa kuwotcherera akhoza kulipanga konkuno. Kumbali ya jenereta, alternator ya galimoto imakopa chifukwa yotchipa, koma imafuna kuzungulira mothamanga kwambiri ndipo imataya mphamvu yambiri. Mota ya magetsi wamba yoikidwa ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) oyenera imagwira bwino ntchito ya jenereta ndipo silira zambiri. Musaiwale kachipangizo kolamulira mphamvu, kamene kamatumiza magetsi otsala ku chitsulo chotenthetsera madzi anthu akazimitsa mababu, apo ayi jenereta idzathamanga mopyola n'kupsereza mawailesi a anthu. Kanyumba ka makina kakhale pamwamba pa pomwe madzi osefukira anafikapo kale.

Nthambo zikhale zokhuthala mokwanira mtunda wake, mapolo akhale aatali, nyumba iliyonse ikhale ndi breaker yake yodula magetsi pakachitika vuto, ndipo kulumikiza konse achite ndi munthu wa chiphaso cha zamagetsi. Komiti itolere ndalama mwezi ndi mwezi, imulipire woyang'anira sefa, ndipo isunge padera ya girisi, malamba ndi ma bearing.