Momwe mungasankhire scope ya mfuti yoyamba ya mwana wofuna ulenje

Ndakhala kuno ku Limpopo, ku South Africa, chakufupi ndi tauni ya Lephalale, kwa zaka zambiri ndithu. Ndinayamba ndi kusenda zikopa pa famu yosakako nyama, kenako kulondola mapazi, ndipo masiku ano ndine amene ndimapita ndi alendo kukayesa mfuti zawo pa chandamale asanalowe m'tchire. Ma scope amene ndamanga pa mfuti za anthu sindingawawerenge. Koma imene inandichititsa manyazi ndi ya mwana wanga yemwe, ndiye anzanga akamandifunsa kuti agulire ana awo yotani, ndimayankha ngati munthu amene analumidwapo. Kwa amene simukuidziwa, scope ndi kachitoliro ka magalasi kamene amamanga pamwamba pa mfuti, kamene kamakokera nyama pafupi, kali ndi mtanda mkati woloza pomwe chipolopolo chikagwere.

Tisanapite patali, mawu oti "mfuti ya mwana" ndi apakamwa chabe. Lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000, limafuna kuti munthu akhale ndi zaka 21 kuti apeze laisensi, kupatula pa zifukwa zapadera, ndipo ife obwera timafunikanso chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Mfuti imalembedwa m'dzina lanu, imagona mu sefa yanu, mwana amaombera inu muli pomwepo mukumuyang'anira. Scope yokha safuna laisensi, mumangogula ngati tochi.

1. Yambani ndi phewa la mwana, osati ndi sitolo

Ndikuganiza kuti mfuti mwasankha kale. Yathu ndi Howa 1500 ya .243 Winchester, yokwanira nswala, njiri ndi blesbok (nyama yamtundu wa mbawala), komanso sikankha phewa ngati .308 kapena .30-06. Chimene muyenera kuyeza ndi kutalika kwa thako la mfutiyo, kuchokera pa trigger, kachitsulo kamene mumakoka poombera, kukafika pomwe imagunda paphewa. Mfuti za akuluakulu zimakhala pafupifupi masentimita 35, za ana 31 kapena 32. Ngati ndi lalitali, lidulitseni kwa wokonza mfuti kapena gulani lalifupi, ndipo chitani zimenezi scope musanaigule. Chidutswa chodulidwacho musataye, mwana akukula.

2. Manambala aja

Pa bokosi mupeza zolemba ngati 3-9x40. Ziwiri zoyambazo zikutanthauza kuti chinthu chimakula katatu mpaka ka 9, ndipo 40 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Kwa mwana, 3-9x40 kapena 2-7x33 basi. M'tchire la minga lakunoli nyama zambiri timaziombera pa mamita 50 mpaka 120, ndipo nthawi zambiri scope imakhala pa 4. Ngati mumasaka springbok, mtundu wina wa mbawala, ku Karoo kapena ku Free State kumene kulibe pobisala, 4-12x40 ikhoza kuthandiza, koma mwana woyamba kumene alibe chifukwa choombera nyama ili pa mamita 300.

Wamusitolo adzakuonetsani 6-24x50 yokhala ndi timawilo tambirimbiri, ndipo mwana maso adzatuluka. Kanani. Ndi yolemera, pamene 3-9x40 imangopitirira pang'ono magalamu 400. Galasi lake lalikulu limafuna kuti mphete zomangira scope pa mfuti zikhale zazitali, ndiye tsaya la mwana limachoka pa thako la mfuti, mutu n'kumangolendewera m'malere. Komanso mukakuza kwambiri, kunjenjemera konse kwa manja kumaonekera, mtanda umavina, mwana amachita mantha n'kukoka trigger mothamanga. Pali kasamu kena kosavuta: gawani kukula kwa galasi ndi nambala yokuzira. 40 kugawa ndi 4 ndi mamilimita 10 a kuwala kofika m'diso, pamene 50 kugawa ndi 24 ndi 2 yokha. Kuwalako kukachepa, diso likangosuntha pang'ono mumaona mdima.

Mtanda wa mkati sankhani wamba, uja amati duplex, wonenepa m'mbali n'kuwonda pakati. Leupold anautulutsa mu 1962 ndipo mpaka lero ukugwira ntchito. Ija ya timadontho ndi timizere ngati ya asilikali isiyeni.

3. Mpata wa pakati pa diso ndi scope: apa ndi pomwe ndinagwa

Pa bokosi amalemba kuti eye relief. Ndi mtunda umene diso liyenera kutalikira kuchokera pa galasi lakumbuyo kuti muone chithunzi chodzaza, chopanda mdima m'mbali. Kwa mwana musavomere yochepera masentimita 9, ndipo 10 ndiye bwino. Chimene ambiri sadziwa, ndipo ine ndinkachidziwa koma ndinachinyozera, n'choti pa ma scope ambiri, makamaka otchipa, mpatawu umafupika mukamakuza. Pa 3 umakhala wotakasuka, pa 9 diso limayenera kusendera pafupi.

Mnyamata wanga anali ndi zaka 12, wochepa thupi ngati mayi ake. Scope ndinaimanga usiku pa tebulo la kukhitchini iye atagona, kuti m'mawa adzangodabwa. Ndinaika mfuti paphewa langa, diso langa, khosi langa, scope ili pa 3, ndinaona bwinobwino, n'kumanga mabawuti. Thako la mfuti ndinali ndisanadulitse, ndinkati ndalama zake ndidzapeza mwezi wamawa. Pa chandamale anaombera atakhala pa benchi, mfuti itatsamira matumba a mchenga, ndipo zonse zinayenda bwino moti ndinadzitama.

Loweruka lotsatira, mu July kukuzizira, tinapeza njiri ikukumba pamwamba pa khoma la damu. Tinakwawa mpaka pa mamita ngati 70, iye n'kugona chafufumimba, mfuti italoza chokwera. Ine maso anali pa njiri. Sindinaone kuti wapotokola scope mpaka pa 9 pofuna kuiona bwino. Chithunzi chitada m'mbali anatambasula khosi kulondola kuwala, ndipo poti thako linali lalitali, linaterereka kuchoka paphewa n'kukhala pamkono. Munthu ukagona pansi mutu umapita kutsogolo kale, ukaloza chokwera ndiye umasenderanso. Mfuti italira ndinamva phokoso lachiwiri, laling'ono, ngati supuni yagunda kapu. Njiri inathawa mchira uli m'mwamba. Nditacheuka ndinapeza magazi akutsika kuchokera pa nsidze, adzaza diso lonse, bala lopindika ngati mwezi watsopano. Sanalire. Anangoti, "Adadi, ndaiphonya?"

Kuchipatala anamusoka katatu. Kunyumba mayi ake anamuyang'ana, n'kundiyang'ana ine, amvekere, "Bambo ake, mwanayu munapita naye kosaka nyama kapena kokamusema?" Ndinalibe poyankha.

Balalo linapola msanga. Chimene chinatenga miyezi ndi mantha. Akati akoke trigger ankatsinzina n'kugwetsa mpope pansi mfuti isanalire. Tinabwerera ku .22 LR, kamfuti kakang'ono kosakankha phewa, mabokosi angapo a zipolopolo, kenako pa .243 ndinkamuikira mfuti iye atatembenuka, nthawi zina muli chipolopolo, nthawi zina mulibe, kuti adzionere yekha mmene akugwederera ikangolira kuti "tiki". Nyengo yosaka ya chaka chimenecho inatha osaphako kanthu.

Ndiye chitani chonchi. Mwana akhalepo, zodabwitsana ayi. Onetsetsani kuti mfuti ilibe chipolopolo, chotsani bolt, chitsulo chija chokankhira chipolopolo mumpope. Ikani scope mu mphete koma osalimbitsa, kuti izitha kusuntha. Ipotokoleni ifike pa nambala yayikulu kwambiri. Mwana avale jekete limene adzavale kosaka, atsinzine, akweze mfuti paphewa, aike tsaya pamene lagwera lokha, kenako atsegule maso. Asasunthe mutu. Inu ndi amene muzisuntha scope, kutsogolo kapena kumbuyo, mpaka atanena kuti bwalo ladzaza. Akatero ikankhireni kutsogolo pang'onopang'ono kufikira pamene mdima wangotsala pang'ono kuyamba m'mbali, chifukwa kulakwira kutali n'kwabwino kuposa kulakwira pafupi. Bwerezani ataimirira pa ndodo zotsamiritsira mfuti, atakhala pansi, ndiponso atagona. Ali chigonere choncho imani pambali ndi rula muyeze kuchokera pa nsidze, osati pa diso, poti nsidze ndiyo imamenyedwa. Lembani pa chitoliro ndi pensulo. Ngati akatsegula maso akuona pansi pa scope, mphete ndi zazitali kapena pakufunika kachikopa kokweza tsaya. Ine ndinadula siponji ya mphasa yochitira masewera n'kuimanga ndi tepi, yakhala zaka ziwiri. Muyezenso chaka chilichonse, ana a msinkhu uwu amatalika ngati chimanga cha mu January.

4. Kogula ndi mitengo

Scope yabwino yoyambira, monga Vortex Crossfire II, Burris Fullfield, Hawke Vantage kapena Lynx yomwe ndi kampani ya konkuno, muyembekezere kulipira pakati pa R3 000 ndi R6 000, kutengera sitolo ndi mmene randi yagonera. Leupold VX-Freedom imakwererako. Ubwino wa Vortex ndi woti scope ikawonongeka amakonza kapena kusintha osafunsa risiti, ndipo pa mwana amene adzagwetse mfuti pamwala tsiku lina, zimenezo si zazing'ono. Mukakhala ku Gauteng, chionetsero cha HuntEx ku Midrand chimakupatsani mpata wosuzumira m'ma scope ambiri tsiku limodzi. Pitani ndi mwanayo, asuzumire yekha.

Chenjerani ndi aja ogulitsa pa magulu a pafoni. Mnzanga wina anagula ya R900 kwa mkulu wina amene anakumana naye pamalo omwetsera mafuta, bokosi lokongola, dzina la kampani yotchuka lili phee pambali. Titaomba zipolopolo zosakwana khumi mtanda unapendekeka ngati X, ndipo m'mawa wozizira mkati munachita nkhungu. Nambala ya wogulitsayo inali itasiya kale kulira. Zabodza zoterezi zilipo zambiri, ndiye ngati mtengo wafika theka la wa m'sitolo, funsani nambala yozindikiritsa scopeyo (serial number) mukaitsimikize kwa kampani yake. Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola muone kuti chitoliro sichinaphwanyidwe ndi mphete, galasi lilibe mikwingwirima, ndipo timawilo tikulira bwino mukamapotokola. Ija ya pa mfuti ya mpweya yoombera njiwa musaisamutsire kuno. Ndipo ngati n'kotheka suzumiranimo dzuwa litangolowa, masana scope iliyonse imaoneka yowala.

5. Mphete

Apa musaumire. Chitoliro chimakhala cha mamilimita 25.4 kapena 30, mphete zigwirizane nacho, komanso zigwirizane ndi njanji ya pa mfuti, pamene mphetezo zimamangidwa; mitundu yake yodziwika ndi Weaver ndi Picatinny. Mphete za Weaver nthawi zambiri zimalowa pa njanji ya Picatinny, koma za Picatinny pa Weaver zimakana. Mfuti za Tikka ndi CZ zili ndi mipata yawoyawo, tchulani dzina la mfuti pogula. Tengani zazifupi kwambiri zimene zingalole galasi lakutsogolo kusagunda mpope ndiponso chogwirira cha bolt kudutsa. Mabawuti a mphete amafuna mphamvu yochepa, 15 mpaka 18 inch-pound pa zambiri, koma werengani kapepala kake. Ngati mulibe chida choyezera, bwerekani, osamanga ngati tayala la thirakitala. Limbitsani mosinthanasinthana kuti mipata ya mbali zonse ifanane. Kuti mtanda uwongoke, pachikani chingwe chomangirira mwala pamtengo n'kulinganiza mzere woimirira. Kenako mwana ayang'ane kumwamba kopanda mitambo, apotokole galasi lakumbuyo mpaka mtanda uoneke wakuda bii m'diso lake.

6. Kuchuna

Chotsani bolt, tsamiritsani mfuti pa matumba, suzumirani mumpope pa chandamale cha mamita 25, sunthani mtanda ufike pomwepo. Ombani chimodzi. Chikagwa papepala pitani pa mamita 100, ombani zitatu, konzani potengera pakati pa zitatuzo. Ngati pa kawilo palembedwa 1/4 MOA, "tiki" mmodzi ndi pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100, ena amalemba 1 cm. Zoyambazi ombani inu kuti phewa la mwana lisatope, koma zitatu zomaliza aombe iye, atavala zotseka m'makutu, ndi mtundu womwewo wa zipolopolo umene mukasakire. Za .243 zadula masiku ano, bokosi limodzi likwane. Mukamaliza bwezerani tizivindikiro ta timawilo, scope muibwezere pa 4, ndipo muuzeni kuti asaipotokole popanda kukufunsani. Wanga mpaka lero amayamba wandiyang'ana kaye, dzanja lili pa kawilo.