Mitengo ya banja la nyemba ikasanduka namsongole

Alimi anzanga, mitengo ina imene ikulanda minda ndi msipu lero anthu anaibzala okha, mwadala. Lukina anachokera ku Mexico, ndipo anamulandira chifukwa cha nkhuni ndi masamba odyetsa ziweto. Prosopis anamubzala ku Baringo m'dziko la Kenya ndi ku Afar ku Ethiopia kuti malo ouma abiriwire, koma lero watseka msipu ndipo minga yake ikubaya ziweto. Black wattle wa ku Australia anadzaza m'mbali mwa mitsinje ya ku South Africa n'kumamwa madzi, mpaka boma linayambitsa ntchito ya Working for Water mu 1995 yochotsa mitengo yotere. Yonseyi ndi pachibale ndi nyemba. Mizu yake ili ndi timphundu topanga nayitirojeni, chakudya cha zomera m'nthaka, n'chifukwa chake imakula bwino ngakhale pa nthaka yoguga.

Nkhondo yeniyeni ili pa njere. Tengani imodzi ya wattle muyese kuiphwanya ndi chikhadabo, simutha. Khungu lolimbali limaisunga m'nthaka zaka makumi angapo ili moyo. Mukatentha tchire poganiza kuti mwathana nazo, moto umangofewetsa khungulo, mvula yoyamba ikagwa mbande zimamera ngati mwachita kufesa. Mbuzi ikadya makoko a prosopis, njere zimatuluka zamoyo mu ndowe, chifukwa chake ziweto zochokera kumalo komwe mtengowu wafala zisungeni m'khola masiku angapo musanazitulutse kubusa, ndipo muziona zomera pa mulu wa manyowa. Njere za Mimosa pigra, chitsamba chaminga cha banja lomweli chimene chavutitsa ku Kafue Flats ku Zambia, zimayandama pamadzi, choncho madzi osefukira akaphwa kayendereni m'dambo.

Kudula kokha ndi kudzitopetsa. Chitsa cha prosopis chimaphuka nthambi zambiri kuposa poyamba. Kumbani, mudule pansi pa nthaka pomwe tsinde likumana ndi muzu. Mbande zuleni ndi manja dothi likadali lonyowa, ndipo yambani ndi mitengo yapayokha ya m'mphepete musanalowe m'nkhalango yothinana, poti yapayokhayo ndiyo ikukulitsa malire. Pomwe mwachotsa bzalanipo udzu kapena mbewu msanga, ndipo muzibwererapo mvula iliyonse.

Lukina ine sindinganene kuti muzule yense, ndi wothandiza. Ingomusadzani pafupipafupi asanabereke makoko. Podyetsa ziweto sakanizani ndi udzu, asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa akachuluka amathothola ubweya.