Yambani kubaya jeletini musanabaye munthu

Anzanga amene mukuphunzira interventional radiology, ija yolowa mumtsempha ndi kawaya osang'amba munthu, chonde manja anu asakaphunzirire pa wodwala. Njira ya singano, kenako waya, kenako catheter (kachubu kopyapyala kolowa mumtsempha) anaiyambitsa Seldinger wa ku Sweden mu 1953 koma mpaka lero oyamba kumene amagwa pomwepa.

Pano kuli makina oyeserera ngati VIST ya Mentice ya ku Gothenburg ndi ANGIO Mentor, mumalowetsa waya m'kabokosi, pa sikirini nkumaona ngati X-ray yeniyeni ndipo zala zimamva waya ukakakamira. Mukapeza mwayi wokhalapo musathamangire kumaliza ayi, bwerezani mtsempha womwewo kangapo, pomaliza muone mphindi za fluoroscopy (X-ray yoonetsa zinthu zikuyenda pompopompo) ndi contrast (mankhwala opangitsa mitsempha kuoneka pa X-ray) yomwe mwathira poti makinawo amalemba zonse. Ambiri phazi limaiwalika pa pedal yoyatsira X-ray, zomwe kwa munthu weniweni ndi radiation yopanda ntchito kwa iye ndi inu nomwe.

Koma makinawa ndi odula heavy, nde poyambira pangani chanu. Tengani madzi otentha 250 ml, sungunulanimo magalamu 20 a jeletini ndi magalamu 10 a psyllium (ufa wa makoko a njere za chomera china), ameneyu ndi amene amapangitsa kuti pa ultrasound zizioneka ngati mnofu. Thirani theka m'kontena, liume mufiriji, goneketsanipo baluni yaitali ija yodzaza madzi nkuthira theka lotsalalo pamwamba. Likalimba mwapeza mtsempha wanu.

Apa mpamene ndikufuna mukhalitse. Probe ya ultrasound dzanja limodzi, singano ya saizi 18G dzanja linalo, ipendekeke pafupifupi madigiri 45. Musakankhe singano ngati nsonga yake simukuiona, kadontho kowala kaja pa sikirini nthawi zambiri ndi thunthu la singano chabe pomwe nsonga yapita kale pansi yaboola khoma lakuseri. Sendezani probe pang'ono mpaka kadontho kasowe, kenako singano itsatire pang'ono mpaka kaonekenso, choncho choncho mpaka mutaona khoma la baluni likubonyoka nkubooka. Mnzanu aime pambali azikuuzani maso anu akachoka pa sikirini kupita pa manja.

Madzi akatuluka tsitsani kumbuyo kwa singano pang'ono kuti igone, lowetsani waya wonenepa inchi 0.035 mofatsa, ukakana imani, osaukakamiza. Pochotsa singano ndi polowetsa sheath (kachubu kotsala mumtsempha kodutsiramo catheter) zala ziwiri zikhale zitagwira waya nthawi zonse, zolowerani pompano pa jeletini chifukwa waya wotayika mumtsempha wa munthu umafuna ntchito ina yonse kuti autulutse. Jeletini akadzaza mabowo musungunuleninso, ikani baluni ina.