Golf GTI wamba kapena ya Performance Pack: momwe mungasankhire ngati ndi galimoto yopitira kuntchito

Munthu amene akusakasaka Volkswagen Golf GTI ya pakati pa 2013 ndi 2019, kaya kwa ogulitsa a ku Britain, ku Japan kapena ku Joni, sachedwa kupeza galimoto ziwiri za chaka chimodzi, mtundu umodzi, makilomita ofanana, koma mitengo yosiyana. Pa yokwera mtengoyo pamakhala palembedwa kuti Performance Pack, kapena GTI Performance. Mukafunsa wogulitsa chifukwa chake, amathamangira kunena kuti injini yake ndi yamphamvu. Sakunama, koma mphamvuyo ndi kachinthu kakang'ono kwambiri mwa zonse zimene mukulipira. Ngati galimotoyo ndi yoti muzidzuka nayo m'mawa uliwonse, kusiya ana kusukulu, kuima pamzere wa magalimoto kenako n'kukaimika kuntchito, tsatani izi musanatumize ndalama.

Yambani n'kudziwa zimene zili m'phukusimo

GTI ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, imene okonda magalimoto amangoti Mk7, inatuluka mu 2013 ndi injini ya 2.0 TSI ya thebo. Yawamba inkapereka 162 kW, amene ndi mahosipawa 220. Performance Pack inkawonjezera zinthu zitatu: mphamvu yofika 169 kW kapena kuti mahosipawa 230, mabuleki akuluakulu, ndi difu yapadera yakutsogolo (chipangizo chogawa mphamvu ya injini ku mawilo awiri) imene a Volkswagen amaitcha VAQ. Ku Britain phukusili linkawonjezera pafupifupi mapaundi 1,000 pa mtengo wa galimoto yatsopano.

Mahosipawa 10 owonjezerawo musawawerengere. Malinga ndi manambala a kampaniyo, yawamba imachoka pa 0 kufika pa 100 km/h m'masekondi 6.5, pamene ya Performance imatenga masekondi 6.4. Palibe dalaivala amene angamve kusiyana kumeneko pa Masauko Chipembere Highway nthawi ya 7 koloko m'mawa. Mphamvu yokoka, 350 Nm, ndi yofanana pa zonse ziwiri, ndipo imeneyi ndiyo mumaimva mukamapitirira thiraki pa M1.

Mabuleki ndi nkhani ina. Ma disc akutsogolo a GTI wamba ndi a 312 mm, a Performance ndi a 340 mm, kukula kofanana ndi a Golf R, Golf yamphamvu kuposa GTI, ya zaka zomwezo. Akumbuyo nawo ndi okhala ndi mpata pakati wolowetsa mphepo, pamene a yawamba ndi chitsulo chimodzi chopanda mpata. Buleki yaikulu sikuti imaimitsa galimoto pafupi kwambiri mukaponda kamodzi mwadzidzidzi. Pamenepo amalamula ndi matayala. Ubwino wake umaoneka mukamaponda mobwerezabwereza pamtsetse wautali, chifukwa imachedwa kutentha ndipo pedulo siifewa.

Chachitatu, difu ija, ndicho chenicheni chimene mukugula. GTI imakoka ndi mawilo akutsogolo okha. Mukamatuluka pakona mutaponda moto, wilo lam'kati mwa konayo limapepuka n'kuyamba kuterereka, mphamvu yonse n'kumathawira kumeneko, galimoto n'kumafuna kupita chowongoka. GTI wamba imathana ndi vutoli pogwiritsa ntchito XDS+, imene imangotsina buleki ya wilo loterereka lija. VAQ imachita zosiyana. Ili ndi timbale ta kilachi tosambira mu oyilo, pampu yamagetsi ndi kompyuta yakeyake, ndipo ikaona kuti wilo lam'kati layamba kutaya, imamanga timbale tija n'kukankhira mphamvu ku wilo lakunja limene lagwira pansi. Dalaivala amamva ngati mphuno ya galimoto ikukokeredwa m'kati mwa kona. Pamsewu wonyowa imathandizanso ponyamuka pa mphambano.

Kenako yang'anani msewu wanu, osati wa m'mavidiyo

Khalani pansi muganizire sabata yanu yonse. Ngati ulendo wanu ndi wochoka ku Area 25 kupita ku City Centre, kapena ku Chirimba kupita ku Limbe, galimoto ikuyenda pa giya yachiwiri ndi yachitatu pakati pa maminibasi ndi akabaza, difu ija ingathe kutha mwezi isanagwire ntchito imene inapangidwira. Mabuleki a yawamba ndi okwanira ndithu pa moyo wotere.

Koma alipo ena amene ntchito kapena kumudzi kumawadutsitsa m'mapiri pafupipafupi: kutsika Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, kutsetserekera ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kukhotakhota kwa pa Chiweta, kapena kukwera ndi kutsika phiri la Zomba. Kumeneko mabuleki osatentha msanga ndi difu yogwira pakona zimamveka tsiku lomwelo, ngakhale mukuyendetsa mwaulemu. Chimodzimodzi amene ali ku South Africa, kumene GTI ili ndi chikoka chachikulu moti achinyamata anaipatsa dzina loti Vrr-pha potengera kulira kwake posintha giya. Kumeneko kuli misewu yosalala komanso mabwalo ngati Zwartkops pafupi ndi Pretoria, kumene munthu wamba amalipira n'kukathamangitsa galimoto yake mwalamulo. Ngati muli ndi maganizo okalowako ngakhale kamodzi pachaka, musavutike n'kulingalira, tengani ya Performance.

Tsimikizani kuti galimotoyo ilidi ndi phukusilo

Apa ndi pamene anthu ambiri amabeledwa, nthawi zina wogulitsayo asakudziwa n'komwe. Zizindikiro zimene aliyense amatchula ndi zilembo zofiira za GTI pachitseko chakumbuyo ndi mawu oti GTI olembedwa pa ma caliper akutsogolo, zitsulo zimene zimatsina ma disc a buleki. Zonsezi zimagulidwa pa intaneti pamtengo wa chakudya chamasana ndipo zimamatidwa m'mphindi zochepa. Ma caliper ofiira paokha satanthauza kanthu, chifukwa GTI iliyonse ili nawo.

Pemphani zithunzi zitatu ngati galimoto ili kutali, kapena kaoneni nokha ngati ili pafupi. Choyamba ndi cha disc yakumbuyo, chojambulidwa cham'mbali ndi tochi ya foni kudzera m'mipata ya rimu. Ikakhala ya zitsulo ziwiri zokhala ndi mpata pakati, ndi chizindikiro chabwino. Ikakhala chitsulo chimodzi, nkhani yathera pomwepo. Chachiwiri ndi cha kapepala komatidwa m'buti, pansi pa kapeti pafupi ndi tayala lapadera, kamene kamapezekanso patsamba loyamba la buku la sevisi. Pamenepo pamalembedwa zilembo za injini ndi ma kW ake. Pa galimoto za 2013 mpaka 2016, CHHB ndi yawamba ya 162 kW, CHHA ndi ya Performance ya 169 kW. Chachitatu ndi nambala ya chesisi, imene wogulitsa Volkswagen wovomerezeka angagwiritse ntchito kukuuzani zimene galimotoyo inatuluka nazo kufakitale.

Chenjerani ndi chaka cha 2017. M'chaka chimenecho Golf inasinthidwa nkhope, n'kumatchedwa Mk7.5, ndipo GTI wamba inakwezedwa kufika pa 169 kW, mahosipawa 230 aja. Ya Performance inakwera kufika pa 180 kW, mahosipawa 245, ndi 370 Nm. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti galimoto ya 2018 ndi "ya 230", akukuuzani kuti ndi yawamba, ilibe difu ya VAQ ngakhale nambalayo ikufanana ndi ya Performance yakale. Pa GTI ya m'badwo wotsatira, Mk8, imene inayamba mu 2020, funso lonseli silikhalapo, chifukwa mahosipawa 245 ndi difu zinakhala za galimoto iliyonse.

Galimoto ikakhala pamaso panu, pitani nayo kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yowerenga magalimoto a Volkswagen, monga VCDS kapena OBDeleven. Ya Performance imaonetsa kompyuta ya difu payokha pamndandanda, ndipo pomwepo mudzaonanso ngati pampu yake yasunga zolakwika.

Funsani za oyilo wachitatu

Aliyense amadziwa za oyilo wa injini. Ambiri amadziwanso kuti giyabokosi yosintha magiya yokha ya DSG ya magiya 6 imafuna oyilo ndi fyuluta zatsopano pa makilomita 60,000 aliwonse. Amene amaiwalika ndi oyilo wa VAQ, amene amayenera kusinthidwa pakatha zaka zitatu zilizonse. Akasiyidwa, tizinyenyeswa ta timbale tija timatseka kasefa ka pampu, pampuyo n'kufooka. Choipa n'chakuti galimoto imapitiriza kuyenda bwinobwino, mwini wake osazindikira kanthu. Mwangolipira ndalama zambiri kugula difu yogona. Tsegulani buku la sevisi kapena malisiti muone ngati ntchitoyi inachitikapo. Ngati palibe umboni, tsitsani mtengo ndipo ikhale ntchito yoyamba galimoto ikafika.

Muli pomwepo, suzumirani pansi pa injini mbali ya kutsogolo ngati pali madontho ouma a madzi oziziritsira injini. Pampu ya madzi ndi chikopa chake chapulasitiki zimadziwika kuti zimadontha pa injini imeneyi, ya Performance ndi yawamba yomwe.

Ndisanachoke pa zokonza: funsani kaye makaniko wanu ngati anagwirapo VAQ. Galaja imene imakonza ma Toyota ndi ma Nissan mwaluso sikuti ndiye idziwanso izi, ndipo oyilo wake ndi wapadera, si wothira m'difu ya pikapu. Funsaninso mtengo wa ma disc a 340 mm ndi ma pad ake pamodzi ndi ndalama zotumizira kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain, muyerekeze ndi a 312 mm. M'nyengo imene ndalama zakunja zikusowa, kudikira chipangizo kwa masabata angapo galimoto itakwera pa jeke ndi mbali ya mtengo wake, ndipo iyi ndi galimoto imene mukudalira kupitira kuntchito Lolemba.

Marimu angakupwetekeni kuposa china chilichonse

Amene ankagula Performance Pack ili yatsopano ankakonda kuwonjezeranso marimu a mainchesi 19, motero galimoto zambiri za phukusili mudzazipeza zitavala amenewo. Amaoneka bwino pachithunzi. Koma werengani nambala za patayala. Tayala la 225/45 R17 lili ndi mphira wam'mbali wotalika pafupifupi 101 mm, la 225/40 R18 lili ndi 90 mm, la 225/35 R19 lili ndi 79 mm basi. Onjezerani kuti GTI inatsitsidwa kale ndi 15 mm poyerekeza ndi Golf wamba. Dzenje limodzi lobisika m'madzi nthawi ya dzinja likwanira kutupitsa tayala ndi kupinda rimu nthawi imodzi, ndipo matayala a 19 sapezeka pashopu iliyonse.

Ku Britain marimu akuluwo sanali mbali ya Performance Pack, anali ogula padera. Galimoto yabwino ikakhala nawo, igulenibe, koma ikani pambali ndalama zosinthira kupita pa 18. Mukafuna kutsikira pa 17, yesani kaye rimuyo pawilo lakutsogolo musanalipire, kuti muone ngati sikukhudza caliper yaikulu ija. Yesaninso tayala lapadera la m'buti pawilo lomwelo muli pakhomo, osati usiku m'mbali mwa msewu ku Ntcheu.

Chinthu china chimene ku Britain chinali chogula padera, koma anthu amachisokoneza ndi phukusili, ndi DCC, mashokabu osinthika amene amafewa mukasankha Comfort n'kulimba mukasankha Sport. Pa galimoto yodutsa mahampu tsiku ndi tsiku, DCC mumaimva pa kilomita iliyonse, kuposa mmene mungamvere difu. Vuto lake ndi tsiku limene shokabu imodzi idzayambe kutaya oyilo, chifukwa mtengo wake si wa shokabu wamba. Poyesa galimoto, dutsani pahampu yomweyo kawiri, koyamba pa Comfort kenako pa Sport. Mukapanda kumva kusiyana, mwina galimotoyo ilibe DCC, mwina mashokabu atha.

Phatikizani mtengo wonse, kenako sankhani

Injini zonse ziwiri ndi za 1,984 cc, choncho pa msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto zili m'gulu limodzi.  Petulo zimamwa mofanana mukamayendetsa mofanana. Tsegulani kachitseko kothirira mafuta muwerenge mlingo wa okiteni umene walembedwapo, ndipo a inshuwalansi auzeni dzina lonse la galimoto monga lilili pamapepala.

Pomaliza ikani galimoto ziwirizo pambalipambali. Ngati zonse zili ndi mbiri ya sevisi yomveka ndipo kusiyana kwa mtengo n'kochepa, ine ndingatenge ya Performance, makamaka chifukwa cha mabuleki, komanso chifukwa pogulitsa mawa ndi imene odziwa GTI amayamba kufunsa. Koma ngati ya Performance ili pa marimu a 19 okandika, buku lake lili ndi masamba opanda chidindo, kapena injini yake inachita kuwonjezeredwa mphamvu ndi kompyuta ndi munthu wosadziwika, tengani yawamba yosamalidwa bwino. Ndalama zotsalazo gulirani matayala anayi atsopano a kampani yodziwika ndi oyilo wa DSG.